Fifitini, Sate, Fote

Sukulu yathu ya akulu imayamba masana, ana akaweruka. Timakumana m'cipinda cimodzi ca sukulu ya pamudzi pathu, kufupi ndi Furancungo. Ophunzira ambiri ndi amai. Abambo ndi owerengeka, ndipo nyengo yothyola fodya ikafika amatsala atatu kapena awiri. Koma pali agogo ena aamuna amene sajomba. Amakhala kumbuyo pafupi ndi zenera, cipewa cao cili pa bondo. Dzanja lao limanjenjemera pogwira pensulo, koma makutu ao ndi akuthwa. Nkhani imene tikulembayi anaiyambitsa ndi iwo.

Tsiku lina tinali kuphunzira kuwerenga modumpha. Tinalemba pa bolodi 15, kenaka 30. Tinafunsa kuti, "Nambala yotsatira ndi iti?"

Amai ena anawerenga zala zao nati, "45."

"Iai, aphunzitsi," anatero agogo kumbuyo kuja. "Yotsatira ndi fote."

Onse anaseka. Ifenso tinaseka, ndipo tinayamba kuwalongosolera kuti 30 kuonjezapo 15 ndi 45. Agogo anadikira kuti titsirize. Kenaka anati, "Zimenezo ndazimva, mwana wanga. Koma kumene ndinagwira nchito, Azungu ophunzira kwambiri anali kuwerenga cotere: fifitini, sate, fote, gemu. Ndinawamva Loweruka lililonse kwa zaka 13. Palibe anawaseka."

Tinaika coko pansi. Phunziro la tsiku limenelo linathera pomwepo, pakuti aliyense anafuna kumva.

Agogo anacoka kuno m'caka ca 1967, ali mnyamata wosakwatira. Masiku amenewo anyamata ambiri a ku Macanga, ku Tsangano ndi ku Angónia anali kupita ku Rhodesia kukafuna ndalama ya msonkho, bulangete ndi njinga. Iwo anafika ku Tete, naoloka Zambezi pa pantoni, pakuti mlatho unali usanamangidwe. Anapyola Changara ndi Nyamapanda, nafika ku Salisbury, mzinda umene lero timauchula Harare. Kumeneko analembedwa nchito yosamala maluwa ndi kapinga pa nyumba ya Mzungu wina. Kuseri kwa nyumbayo kunali bwalo lozingidwa ndi waya wautali. Linali bwalo la tenisi.

"Bwalo limenelo linali la dothi la culu," anatero agogo. "Dothi lomweli timaumbira njerwa. M'mawa uliwonse ndinali kulisesa, kulithirira madzi, ndi kukoka citsulo colemera cogubuduka kuti likhale gwa. Lacisanu ndinali kusungunula laimu m'cidebe ndi kulemba mizere yoyera. Mzere ukakhota pang'ono, ndinali kufafaniza ndi kuyambanso. Loweruka masana alendo anali kubwera atavala zoyera zokha-zokha. Ine ndinali kuima pa ngodya, kutola mipira."

Mnyamata wina anafunsa kuti, "Nanga inu, agogo, munasewerako?"

"M'bwalomo ndinalowa tsiku ndi tsiku. Koma ndinalowa ndi tsache ndi cidebe. Comenyera mpira cija, cimene amati raketi, ndinacigwira pocipukuta fumbi cabe. Panalibe amene anandiuza kuti usasewere. Zinali zodziwika, monga mwana adziwira yekha kuti pa mpando wa mfumu sakhalapo."

Anakhala cete pang'ono, natembenuza cipewa cao. Tsono anati pali cinthu cimodzi cimene cakhala cikuwavuta mumtima.

"Caka cimene Mozambique analandira ufulu, m'nyengo yacisanu, Loweruka lina alendo anabwera koma sanasewere. Anakhala pa khonde kuzungulira wailesi. Ine ndinaima pa ngodya yanga, mipira ili m'manja, mpaka dzuwa linapendeka. Wailesi itatha kufuula, pa khonde panangoti zii. Madzulo akhuki, amene kwao kunali ku Dedza, anandinong'oneza kuti: 'Mphwanga, lero ku Mangalande munthu wakuda ngati iwe ndi ine wagonjetsa Azungu onse pa masewera ao omwe.' Ine ndinati akundinamiza, pakuti anali munthu wanthabwala. Tinakangana mpaka tinagona osalankhulana. Akhukiwo anatisiya kale-kale. Tsono inu aphunzitsi, muli ndi foni yodziwa zonse. Ndiuzeni. Ananama, kapena ananena zoona?"

Tinacita manyazi. Ife zaka zathu sizinakwane 30, ndipo mpira umene tidziwa ndi wa miyendo, wa Mambas ndi wa ku Songo. Tenisi tinaionapo kamodzi kokha pa televizhoni ya m'sitolo ku Tete, ndipo sitinaime kuti tionetsetse. Tinalonjeza kuti tifufuza. Loweruka tinapalasa njinga kupita ku Furancungo, kumene intaneti imagwira bwino, ndipo tinakhala pa khonde la sitolo mpaka moto wa foni unatha. Zimene tinapeza tikuzilemba pano, kuti anzathu a m'makalasi ena aziwerengenso.

Poyamba tinene za masewerawo, cifukwa ambiri a ife sitinawaone. Anthu awiri amaima m'bwalo, wina uku, wina uko. Pakati pao pali ukonde wofika m'ciuno. Amamenyerana kampira kakang'ono kaubweya, kokwana m'dzanja. Kampirako kayenera kudumpha ukonde ndi kugwa mkati mwa mizere. Kakagunda pansi kawiri usanakabweze, waluza pointi. Ukakamenya kunja kwa mzere, waluzanso. Nthawi zina amasewera anai, awiri uku, awiri uko.

Pa kawerengedwe, agogo sanalakwe. Pointi yoyamba ndi 15. Yaciwiri ndi 30. Yacitatu ndi 40. Yacinai yatsiriza gemu. Amene alibe kanthu amati ali ndi lavu. Onse awiri akafika pa 40, wina ayenera kupata mapointi awiri motsatana. Magemu 6 amapanga seti, ndipo m'mipikisano yaikulu mwamuna ayenera kutenga maseti atatu. Palibe woloci yoti nthawi yakwana. M'caka ca 2010 John Isner wa ku America ndi Nicolas Mahut wa ku France analimbana maola 11 ndi mphindi 5, m'masiku atatu, asanapezeke wopambana.

Pali amuna amene tenisi ndiyo munda wao. Caka conse amayenda maiko, kupikisana. Mipikisano ilipo yambiri, koma yolemekezeka kopambana ndi inai. Wa ku Melbourne, ku Australia, umacitika mu Januwale, ife tikupalira cimanga. Wa ku Paris, ku France, pa mabwalo ochedwa Roland Garros, umayamba kumapeto kwa Meyi. Wa ku Wimbledon, mu mzinda wa London, umatha mu Julaye, ndipo ndiwo wakale kuposa yonse, pakuti unayamba mu 1877. Wotsiriza ndi wa ku New York, ku America, umene umatha mu Sepitembala. Pa mpikisano uliwonse amalowa amuna 128. Wogonja amapita kwao. Tinalemba pa bolodi, ndipo kalasi linagawa lokha: 128, 64, 32, 16, 8, 4, 2, 1. Kuti munthu atsale yekha ayenera kugonjetsa anthu 7 m'masabata awiri.

Cimene cinakondweretsa alimi a m'kalasi mwathu ndi nkhani ya nthaka. Mabwalo amenewa si ofanana. A ku Melbourne ndi a ku New York ndi olimba ngati simenti. A ku Wimbledon ndi a udzu wamoyo, umene amauchecha kuti utalike mamilimita 8 okha. Pamenepo mpira umathamanga ndipo sudumpha kwambiri. A ku Paris ndi ofiira, cifukwa pamwamba pake amawaza njerwa zopera. Pamenepo mpira umacedwa, umadumpha m'mwamba, ndipo wosewera amatsetsereka ngati mwana pa matope. Tonse tidziwa kuti mbatata ya kacewere imakonda mapiri ozizira a ku Tsangano, ndipo mapira amakonda cigwa cotentha ca Zambezi. Osewera nawonso ali conco. Rafael Nadal wa ku Spain anapambana pa njerwa za ku Paris ka 14. Roger Federer wa ku Switzerland anapambana pa udzu wa ku Wimbledon ka 8. Novak Djokovic wa ku Serbia anapambana ku Melbourne ka 10. Agogo atamva za njerwa zopera anagwedeza mutu nati, "Pamenepo pali munthu amene amadzuka m'mamawa kuthirira."

Tsopano yankho la funso lao.

Ufulu wa dziko lathu unadza pa 25 Juni 1975. Patapita masiku 10, Loweruka pa 5 Julaye, amuna awiri anatsala ku Wimbledon. Wina anali Jimmy Connors, mnyamata wa zaka 22, amene anali atatenga cikho caka capitaco. Anali kumenya mpira ngati wosula khasu, ndipo anthu ambiri anati palibe angamuthe. Winayo anali wa zaka 31, wamtali, woonda, wofatsa. Anali munthu wakuda wa ku America. Dzina lake Arthur Ashe.

Ashe anadziwa kuti akalimbana ndi Connors pa mphamvu, agonja. Munthu womenya mwamphamvu amakondwa mpira ukamdzera mwamphamvu. Tsono Ashe anayamba kumpatsa mipira yofewa, yotsika, yokhotera m'mphepete. Connors anasowa pogwira. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Ashe anatenga seti yoyamba 6 kwa 1, yaciwiri 6 kwa 1. Yacitatu anailuza 5 kwa 7. Yacinai anaitenga 6 kwa 4, ndipo masewera anatha. Kufikira caka ca 2025, palibe mwamuna wina wakuda amene watenga cikho cimeneco.

Lolemba masana tinalowa m'kalasi, ndipo tisanapereke moni tinalemba pa bolodi ndi zilembo zazikulu: ARTHUR ASHE, 1975. Tinati, "Agogo, akhuki aja ananena zoona."

Agogo sanayankhe. Anayang'ana pa bolodi nthawi yaitali. Kenaka anatsegula kope lao nayamba kukopera. Cilembo ca A amacidziwa. R ndi T amazidziwa. H anawavuta, ndipo amai okhala nawo pafupi anawagwira dzanja. Atatsiriza anati, "Zaka zonsezi ndamuyesa wabodza munthu uja."

Anafuna kudziwa kuti Ashe anali mwana wa yani. Iwo anaganiza kuti anali mwana wa munthu wolemera. Apa ndi pamene nkhani inatikhudza tonse.

Ashe anabadwa mu 1943 mu mzinda wa Richmond. Nthawi imeneyo kumwera kwa America kunali tsankho lonena za khungu, lolembedwa m'malamulo. Akuda anali ndi sukulu zao, ndi malo ao osewerera. Atate ake a Ashe anali mlonda ndi wosamala malo ena otere a anthu akuda, ndipo banja lao linali kukhala m'kanyumba mkati mwa malowo. Pafupi ndi khomo lao panali mabwalo a tenisi. Mai ake anamwalira iye ali ndi zaka 6. Ali ndi zaka 7 anayamba kumenya mpira. Pambuyo pake dotolo wina wakuda, Robert Walter Johnson, amene anali ndi bwalo pa nyumba yake ku Lynchburg, anamtenga kukamphunzitsa. Anamlangiza kuti asamakangane ndi woweruza, ndi kuti mpira ukagwa pafupi ndi mzere aziubweza cabe, osadandaula. Dotoloyo anadziwa kuti mwana wakuda akangokweza mau, apeza cifukwa comtulutsira.

Mu 1968 Ashe anapambana mpikisano wa ku New York. Ndalama za mphotho, madola 14,000, sanalandire, cifukwa anali msilikali ndipo sanalembetse monga wosewera wolipidwa. Zinapita kwa Tom Okker, amene iye anamgonjetsa. Mu 1970 anapambana ku Australia, ndipo caka comweco anayendera maiko a mu Africa, nafika ndi ku Zambia, kuphunzitsa ana. Mu 1971 ku Yaoundé, m'dziko la Cameroon, anaona kamnyamata ka zaka 11 kakumenya bwino mpira. Anthu amasimba kuti comenyera cake cinali ca thabwa. Ashe anauza akulu a tenisi a ku France za mwanayo. Mwanayo anali Yannick Noah, amene anadzapambana ku Paris mu 1983.

Ku South Africa, kumene abale athu ambiri anakumba migodi, boma la tsankho linamkaniza kulowa kangapo. Linamlola mu 1973. Iye anati asewera pokha-pokha akuda ndi oyera akakhala osapatulidwa pa mipando yoonerera. Anasewera pa Ellis Park ku Johannesburg, nafika pa ndime yomaliza, nagonja kwa Connors yemweyo. Pa masewera a awiri-awiri anapambana, mnzake ali Tom Okker. Ashe anamwalira mu Febuluwale 1993 ndi matenda a Edzi, amene anawatengera m'magazi opatsidwa pa opaleshoni ya mtima. Bwalo lalikulu la mpikisano wa ku New York, lolowa anthu oposa 23,000, analitsegula mu 1997 nalicha dzina lake.

Si onse anakondwa ndi nkhanizi. Tsiku lacitatu amai ena anaimirira nati, "Aphunzitsi, ine ndasiya mtondo kunyumba kuti ndidziwe kuwerenga sikelo ya fodya ndi kalata ya kucipatala. Za anthu othamangitsa kampira zindithandiza ciani?" Amaiwo analasa. Ife tinali titatengeka, ndipo masiku awiri anapita osawerenga za sikelo. Tinapepesa. Tinapangana kuti za tenisi zizibwera kumapeto kwa phunziro, ndipo tsiku lililonse zizibwera ndi samu yake.

Samu yoyamba inali ya ndalama, pakuti mnyamata uja anafunsa ngati munthu angalemere nayo tenisi. Mu 2025 Jannik Sinner wa ku Italy anagonjetsa Carlos Alcaraz wa ku Spain pa ndime yomaliza ya Wimbledon, nalandira mapaundi 3 miliyoni. Amene anagonja tsiku loyamba analandira mapaundi 66,000. Mnyamatayo anaimba mluzu. Koma tinamuuzanso mbali ina. Wosewera tenisi alibe malipiro a pa mwezi. Ulendo, pogona, cakudya ndi mphunzitsi amalipira yekha. Akavulala, palibe colowa. Amuna olembedwa pa mndandanda wa dziko lonse ndi oposa 1,000, ndipo olowa ku Wimbledon ndi 128 aja. Otsalawo amazungulira m'mipikisano yaing'ono, kumene wogonja msanga salandira ngakhale yokwanira ulendo wake. Ali ngati mlimi wotenga feteleza pa ngongole: mvula ikakana, ngongole siikana.

Sitinafune kumnamiza mnyamatayo. Mabwalo odziwika a dziko lathu ali ku Jardim Tunduru ku Maputo, mtunda woposa makilomita 1,500 kucokera kuno. Osewera ochuka a maiko oyandikana nafe anakulira pafupi ndi bwalo. Byron Black ndi mng'ono wake Wayne, a ku Zimbabwe, atate ao anawamangira mabwalo a udzu pa munda wao wa mapeyala ku Harare. Mu 1998 awiriwa anagonjetsa dziko la Australia kwao komwe, pa mpikisano wa maiko wa Davis Cup. Wayne ndi mnzake Kevin Ullyett anatenga cikho ca awiri-awiri ku New York mu 2001 ndi ku Melbourne mu 2005. Wakuda wa ku Zimbabwe amene anakwera ndi Takanyi Garanganga, wobadwira ku Mbare mu 1990. Iye anapata mendulo ya golide pa Masewera a Africa amene anacitikira ku Maputo mu 2011, ndipo anafikapo pakati pa osewera 300 oyamba a dziko lonse. Agogo atamva dzina la Mbare anamwetulira. Ndiko kunali kukhala akazi ao ndi mwana wao woyamba.

Federer nayenso ali mwana anatolako mipira pa mpikisano wa kwao ku Basel, koma iye akamaliza kutola anali kupita kukasewera. Mai ake ndi a ku South Africa. Mu Julaye 2015 anabwera ku Malawi, kwa anansi athu, kudzaona sukulu za mkaka zimene bungwe lake limathandiza.

Nkhani yotsiriza imene tinawawerengera ndi ya Frances Tiafoe. Makolo ake ndi a ku Sierra Leone, dziko limene linaona nkhondo ya paciweniweni monga lathu. Anapita ku America. Mu 1999 atate ake anapeza ganyu yomanga nawo malo ophunzitsira tenisi ku College Park, m'dera la Maryland. Nchito yomanga itatha, anawalemba kukhala wosesa ndi wosamala mabwalowo, nawapatsa kacipinda. Mai ake anali namwino wogwira nchito usiku. Conco Frances ndi mnzake wobadwa naye mapasa anali kugona m'kacipindako masiku ambiri a sabata, kwa zaka 11. Ana a anthu olemera akapita kwao, iye anali kumenya mpira ku khoma. Pa 5 Sepitembala 2022, mwana wa wosesa ameneyu analowa m'bwalo lochedwa Arthur Ashe nagonjetsa Rafael Nadal. Anafika pakati pa anai otsala. Mwamuna wakuda wa ku America womaliza kufika pamenepo ku New York anali Ashe mwini, mu 1972.

Titatsiriza kuwerenga, agogo anafunsa kuti, "Mwati atate ake anali kusesa?"

"Inde, agogo."

"Ndipo mwanayo anamlola kugona pomwepo?"

"Inde."

"Wanga sanalione nkomwe bwalo lija. Ana a anchito sanali kuloledwa kukhala ku mayadi. Ndinali kumtengera mpira wotha ubweya ku Mbare Lamulungu. Anali ndi dzanja labwino, mwana uja. Anali kugenda njiwa osaphonya."

Mau akuti bwalo kwathu kuno ndi aakulu. Pa bwalo timaweruza milandu. Pa bwalo gule amavina. Aliyense adziwa amene amaima pakati, ndi amene amaima m'mphepete. Ife tinaganiza za zimenezi usiku wonse. Sitikhulupirira kuti mwana aliyense wa wosesa angakhale Tiafoe. Ambiri amene anagona pafupi ndi mabwalo sitiwadziwa maina. Koma Ashe ndi Tiafoe, onse awiri, cinayamba ndi cimodzi: atate ao anasamala bwalo, ndipo cipata cinatsegukira mwana.

M'mawa mwake amai aja odandaula za sikelo ndiwo anabweretsa ganizo. Anati, "Mmalo mongomva, bwanji tiyeze? Kuyeza ndiko ndinadzera." Tinapempha malo kwa akulu a sukulu ndi kwa amfumu. Anatipatsa kuseri kwa makalasi, pamene panali thengo la nsenjere. Cimanga cinali citalowa m'nkhokwe, ndipo anthu anali ndi mpata.

Tinabwereka tepi yoyezera kwa mmisiri wa matabwa. Miyeso tinailemba pa pepala: m'litali mamita 23 ndi masentimita 77, m'lifupi mamita 8 ndi masentimita 23, ukonde pakati masentimita 91. Koma agogo anakana kudikira tepi. Anakhoma cikhomo, naongoka msana, nayamba kuponda mapazi aatali, akuwerenga mokweza. Pa 26 anaima nakhoma cina. Anatembenuka naponda 9. "Mayadi 26, mayadi 9," anatero. "Mukafuna la anthu anai, mayadi 12." Amai aja anakoka tepi, nawerenga okha manambala, mmodzi-mmodzi. Agogo anali ataphonya ndi cikhato cimodzi cabe. Amaiwo anaimba nthungululu, ndipo sitidziwa bwino ngati anaimbira agogo kapena anadziimbira okha.

Nchito inatenga Loweruka atatu. Anyamata anagumula culu ca m'mphepete mwa njira natuta dothi pa ngolo. Amai anatunga madzi. Citsulo cogubuduka tinalibe, tsono tinadzaza mcenga mu mgolo ndi kuugubuduza. Laimu tinalibe, tsono tinasefa phulusa. Ukonde tinaupanga ndi cingwe ndi matumba akale a feteleza. Mmisiri anatisemera zomenyera zinai za thabwa, zonga zipande zazikulu. Mipira itatu yakale anatigulira mnzathu wina pa kaunjika ku Tete. Masiku onsewo woyang'anira anali agogo. Ife aphunzitsi anatibweza kawiri, ati mzere wathu wakhota ngati njira ya woledzera.

Tsiku lotsegula bwalo kunabwera anthu ambiri, ana ndi akulu. Anyamata awiri anathamangira zomenyera. Titaceuka, tinaona agogo ataima pa ngodya, kunja kwa mzere, manja ali kumbuyo. Palibe anawauza kuti aime pamenepo.

Tinatenga comenyera cimodzi kwa mnyamata tinapita naco kwa iwo. "Agogo, woyamba ndinu."

"Iai, mwana wanga. Ine nditola."

Amai aja anafuula kuti, "Lowani, agogo! Mbewa ya manyazi inafera kuuna!"

Anthu anaseka. Agogo anayang'ana mzere wa phulusa umene anaulemba okha. Anavula cipewa napatsa kamtsikana kena. Anapukuta manja pa buluku, nalandira thabwalo, naudumpha mzerewo mosamala kuti asaufafanize.

Anaponya mpira m'mwamba monga anaonera zaka 13. Anauphonya. Anautola, nauponyanso, nauphonyanso. Kacitatu thabwa linalira. Mpira unadumpha matumba a feteleza, unapitirira mutu wa mnyamata, unapitirira mzere, nukagwa m'mapesi kutali uko. Agogo anaika thabwa pansi nayamba kuthamangira komweko.

"Khalani, agogo," kanatero kamtsikana ka cipewa kaja. "Tikatola ndife."

Ana asanu analowa m'mapesi. Agogo anabwerera pa malo pao, akupuma mwamphamvu, natolanso thabwa lao. Mnyamata wa tsidya lina anafunsa kuti tsopano ziwerengedwa bwanji.

"Wagwa kunja," anatero agogo. "Ndi yako imeneyo. Lavu, fifitini. Bweretsani mpira."